Tabuleti Yodula pa Dzuwa la ku Chipata

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:  Lero tikambirana za matabuleti. Ambiri munaiona tabuleti pafupi mu 2022, pamene anyamata ndi atsikana a kalembera ankayenda khomo ndi khomo akulemba pagalasi m'malo mwa mafomu a pepala. Kalembera uja, amene anapeza kuti m'Zambia tilimo anthu 19.6 miliyoni, anali woyamba kuchitika motero. Koma aja anali matabuleti wamba a ntchito. Lero tikunena za apamwamba penipeni, aja amene pofunsa mtengo wake umayamba wakhala pansi. Ndili ndi amisiri amene amakonza mafoni ndi matabuleti kuno m'tauni ya Chipata. Takulandirani, bambo.

AMISIRI: Zikomo mayi. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambe ndi mayina, kuti anthu adziwe zimene tikunena.

AMISIRI: Nditenga awiri. Yoyamba ndi iPad Pro ya kampani ya Apple, imene inatuluka mu Meyi 2024, ina ya mainchesi 11, ina ya 13. Yachiwiri ndi Galaxy Tab S10 Ultra ya Samsung, ya mainchesi 14.6, imene inatuluka mu Okutobala chaka chomwecho. Atsopano akutulukabe chaka ndi chaka, koma kayesedwe kake sikasintha. Mukadziwa poyang'ana pa awiriwa, mudzadziwa poyang'ana pa ina iliyonse.

WOULUTSA: Ine ndikaiona mushopu, chimene chimandikopa ndi kupyapyala kwake.

AMISIRI: Ndipo opanga amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amayamba kulengeza zomwezo. iPad yoyamba, imene Steve Jobs anaonetsa mu Januwale 2010, inali yochindikala mamilimita 13. Ya 2024 ya mainchesi 13 ndi mamilimita 5.1 basi, ndiye kuti theka la sentimita. Ya Samsung ndi 5.4. Luso lilipo, sindikutsutsa. Koma kunena zoona mayi, pa zonse zimene tikambe lero, kupyapyala ndiye kwa phindu lochepa kwa munthu wa kuno. Tsiku lomwe mwaigula mudzaiveka chikwama cholimba, kupyapyala konse kuja n'kubisika. Ndipo amene saiveka ndi amene amatipeza ife. Pabenchi panga pamafika matabuleti opindika pakati, mwini wake osakumbuka n'komwe kuti inagwa liti. Sinagwe. Inali m'chikwama cha kumsana, m'minibasi yodzaza, wina n'kutsamira. Thupi lake ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ikapindika sibwerera.

Chofunika kufunsa ndi kulemera. Ya Apple ya mainchesi 13 ndi magalamu 579, ya mainchesi 11 ndi 444, pamene ya Samsung ndi 718. Pakamwa zikumveka zochepa, koma yesani kuigwira dzanja limodzi mutaimirira, uku mukulemba ndi dzanja linalo. Mlangizi wa zaulimi amene amayenda nayo m'minda asatengeke ndi yaikuluyo. Ija ndi ya patebulo.

WOULUTSA: Nanga fumbi lathuli? Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngakhale m'nyumba motseka limalowa.

AMISIRI: Pamenepo mwafunsa. Pabokosi muyang'ane zilembo zakuti IP68. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa, 8 ikutanthauza kuti ikhoza kumira m'madzi oyera. Samsung amati mpaka mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30. Matabuleti awo apamwamba anayamba kukhala ndi chitetezo chimenechi mu 2023. iPad Pro ilibe chizindikiro chotere, choncho mvula ya Januwale ikakupezani panjira pakati pa Chipata ndi Chadiza muli panjinga, ikulungeni m'pepala la pulasitiki. Ndichenjezenso: chitetezo chija ndi cha tabuleti yatsopano. Ikagwapo, kapena wina ngati ine akaitsegulapo, musadalirenso.

Pali kanthu kena kamene anthu amadzadziwa atafika kale kunyumba. iPad Pro ya 2024 ilibe polowetsa simu khadi. Imagwiritsa ntchito eSIM, simu yosaoneka imene kampani ya netiweki imakuikirani mkati. Ndiye musanalipire, pitani kaye ku Airtel, MTN kapena Zamtel mukafunse ngati akuikirani. Komanso iPad si foni. Manambala aja oyamba ndi nyenyezi, amene timagulira mabandulo kapena kutumizira ndalama, simungawaimbe pa iPad. Ngakhale WhatsApp yake ya iPad inangotuluka mu Meyi 2025. Polowetsa mahedifoni a waya palibe pa onse awiri, pali bowo limodzi lokha la USB-C.

WOULUTSA: Ndiye munthu awonjezere ndalama kuti agule yolumikiza yokha ku netiweki, kapena ayi?

AMISIRI: Kwa Apple kusiyana kwake ndi madola 200. Amakuuzani kuti ili ndi 5G. Inde, 5G inayamba m'dziko muno mu Novembala 2022 ndi kampani ya MTN, m'mizinda ngati Lusaka, Kitwe ndi Ndola. Koma inu mukalowera kumudzi mumathokoza mukapeza 4G. Ine ndimati gulani ya Wi-Fi yokha, muziigawira intaneti kuchokera pafoni yanu.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukambirana za matabuleti apamwamba. Bambo, tifike pa sikirini. Munandiuza tisanalowe muno kuti ndalama zambiri zimathera pamenepo.

AMISIRI: Eya, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa tabuleti yonse ndi sikirini. Zina zonse zimabisala kumbuyo kwake.

Masikirini alipo a mitundu iwiri. Mtundu wakale, LCD, uli ndi nyale kumbuyo imene imayaka nthawi zonse, ndipo kutsogolo kuli timadontho timene timatsekereza kapena kulola kuwala kudutsa. Vuto lake, kutsekereza sikukwana. Usiku mukazimitsa nyale m'chipinda n'kuonera filimu, malo amene ayenera kukhala akuda bii amaoneka otuwa. Mtundu watsopano ndi OLED, umene Samsung amautchula AMOLED. Umenewu ulibe nyale kumbuyo. Kadontho kalikonse kamadziwalitsa kokha, ndipo pofunika mdima kamangozima. Pa iPad ya mainchesi 13 timadontho timeneti tilipo 2,752 m'litali ndi 2,064 m'lifupi, kupitirira 5.6 miliyoni, kalikonse koyaka ndi kuzima pakokha. Mukaika chithunzi cha gule wa usiku, moto uli pakati, anthu atazungulira, mudzaona moto ukuwala koma mdima uli mdima ndithu, nkhope za m'mbali zikuonekabe.

WOULUTSA: Zimenezo ndi za usiku. Ife ntchito zathu zambiri ndi za masana, panja.

AMISIRI: Ndiye pake pa nkhani. Kuwala kwa sikirini amakuyeza ndi muyezo wotchedwa nit. iPad wamba imafika pa 500. Matabuleti otsika mtengo ambiri safika n'komwe pamenepo, n'chifukwa chake mukatuluka nawo panja masana mumangodziona nkhope yanu pagalasi. Kwa nthawi yaitali OLED inkavuta kuwalitsa kwambiri pa sikirini yaikulu. Chimene Apple anachita mu 2024 ndi kusanjikiza magawo awiri a OLED, lina pamwamba pa linzake, kuti kuwala kwake kuphatikizane. Zotsatira zake, sikirini yonse imatha kufika pa 1,000, ndipo timalo tina ta chithunzi, monga dzuwa likamanyezimira pamadzi, timafika pa 1,600.

Koma nambala isakupusitseni. Kuwala ndi theka chabe la nkhani, theka linalo ndi kunyezimira kwa galasi. Galasi likamabweza kuwala kwa dzuwa, ngakhale sikirini iwale bwanji maso amavutikabe. Samsung anapaka galasi la Tab S10 mankhwala ochepetsa kunyezimira. Apple ali ndi galasi lapadera losanyezimira, koma limapezeka pa matabuleti a 1TB ndi 2TB okha, odula kwambiri aja, ndipo umawonjezeranso madola 100. Langizo langa ndi losavuta. Musaiyese tabuleti mkati mwa shopu, momwe nyale zake anazikonza kuti chilichonse chizioneka chokongola. Pemphani mwini shopu akuperekezeni pakhomo, cha m'ma 12 koloko, mutsegule tsamba la zolemba zing'onozing'ono, muwerenge. Akakana kutuluka nanu, mwaphunzirapo kanthu.

WOULUTSA: (akuseka) Nanga 120Hz imene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu ija?

AMISIRI: Ndi kuchuluka kwa nthawi zimene chithunzi chimasinthika pa sekondi imodzi. Matabuleti wamba ndi ka 60, apamwambawa ndi ka 120. Mukamakoka tsamba ndi chala, zilembo sizichita chimbuuzi. Kwa woonera filimu phindu lake ndi lochepa, chifukwa mafilimu ambiri amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Amene amapindula ndi wolemba ndi wojambula ndi cholembera chake chija. Mzere umatuluka pansonga penipeni, osatsalira m'mbuyo. Wojambula mapulani a nyumba kapena wopanga zithunzi za zikwangwani akaizolowera, kubwerera ku 60 kumamuvuta.

Kuipa kwa OLED nakonso ndikunene. Chithunzi chimodzi chikakhala malo amodzi kwa miyezi, sikirini ili pa kuwala kothera, chimatha kusiya chithunzithunzi chosafufutika. Amene mukufuna tabuleti yoika pakauntala, yoonetsa tsamba limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, musaononge ndalama pa OLED. Chachiwiri, galasi ndi sikirini anazimata pamodzi. Likasweka galasi, nthawi zambiri timasintha zonse, ndipo mtengo wake ukhoza kukugulirani tabuleti ina yapakati yatsopano. Zipangizo zake sitisunga m'shopu. Zimachokera ku Lusaka, makilomita opitirira 500, kapenanso kunja. Apple ilibe sitolo yakeyake mu Africa monse muno, amagulitsa ndi mashopu ena ovomerezeka. Amene mwagula kwa munthu wobwera nayo m'chikwama kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, dziwani kuti ikavuta mulibe kodandaula.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Tsopano mphamvu yake. Achinyamata amakonda kufunsa kuti, “Ili ndi purosesa yanji?”

AMISIRI: iPad Pro ija ili ndi purosesa yotchedwa M4, yokhala ndi timaswitchi tosaoneka ndi maso 28 biliyoni. Kumapeto kwa 2024 Apple anaika purosesa yomweyo m'makompyuta awo a Mac. Ndiye kuti m'kagalasi kopyapyala kaja muli injini ya kompyuta yeniyeni. Ya Samsung ili ndi Dimensity 9300+ ya kampani ya MediaTek, yocheperako mphamvu pa M4 koma yothamanga kwambiri. Ndiye funso langa kwa wachinyamata uja limakhala lakuti, mphamvu yonseyo mukagwira nayo ntchito yanji? Facebook, YouTube, kuwerenga manotsi, kuonera mpira, zonsezi tabuleti yapakati imachita osatuluka thukuta. Intaneti ikamachedwa, purosesa siithandiza. Tsamba lidzatseguka mochedwa chimodzimodzi pa tabuleti yodula ndi yotchipa.

WOULUTSA: Ndiye palibe amene akuifunikira kuno?

AMISIRI: Alipo, ochepa. Taganizani za mnyamata amene amajambula mavidiyo a maukwati, kapena amene amapita ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, ndi ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Wajambula tsiku lonse, ndipo akufuna kudula, kulumikiza ndi kukonza mitundu usiku womwewo kuti m'mawa vidiyo ikhale yatuluka. Ameneyo M4 imamugwirira ntchito, ndi mapulogalamu ngati DaVinci Resolve, LumaFusion kapena Final Cut Pro. Koma iyeyo ayang'anenso malo osungira. Vidiyo ya 4K yojambulidwa pa zithunzi 60 pa sekondi imadya pafupifupi 400MB pa mphindi, ndiye kuti 24GB pa ola. iPad Pro yoyambira ili ndi 256GB, ndipo ilibe polowetsa memori khadi. Ya Samsung ili napo. Komanso pa iPad ya 2024, za 256GB ndi 512GB zili ndi RAM ya 8GB, pamene za 1TB ndi 2TB zili ndi 16GB. Dzina ndi limodzi, zam'kati n'zosiyana.

Chinanso, mphamvu ya kompyuta sikutanthauza kuti ndi kompyuta. Mapulogalamu ambiri a Windows amene amagwiritsidwa ntchito m'maofesi ndi m'makoleji sayenda pa iPad kapena pa Android. Wophunzira amene akufuna chipangizo chimodzi cholembera ntchito zonse za kusukulu, ine ndimamulozera ku laputopu.

WOULUTSA: Nanga za kutentha?

AMISIRI: Matabuleti amenewa alibe fani mkati. Kutentha kumatuluka kudzera m'thupi lake lomwelo. Apple anafika poika kopa mkati mwa chizindikiro chawo cha apozi chakumbuyo chija, kopa yemwe dziko lino limatchuka naye, kuti azithandiza kumwaza kutentha. Komabe iwo eni amalemba kuti iPad izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Kuno mu Okutobala timadutsa 30 pamthunzi, ndipo kuchigwa, ku Mfuwe, kumafika 40. Tabuleti ikatentha imadziteteza. Imayamba yachepetsa kuwala kwa sikirini, kenako liwiro la purosesa, ndipo ikapitirira imasiya kutchaja. Mukuona pamenepo? Kuwala kwa 1,000 kumene munalipira kuja kumathawa pa nthawi yomwe mukukufuna, padzuwa. Manambala amene amalengeza anawayeza m'chipinda chozizira. Ndiye poyesa musangotsegula n'kutseka. Ipatseni ntchito yolemera kwa kanthawi ndithu, muigwire kumbuyo, muone ngati yayamba kuzimirira. Ndipo musaisiye m'galimoto yotseka masana, batire limafufuma.

WOULUTSA: Batire lomwelo, ndi mmene magetsi amativutira. Sitinaiwale 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene madera ambiri ankakhala maola 20 patsiku opanda malaiti.

AMISIRI: Pamenepo tabuleti imaposa laputopu zambiri. Apple amati maola 10 pa intaneti ya Wi-Fi. Mukakweza kuwala mpaka kumapeto, chotsaniponi maola angapo. Koma batire lalikulu limafunanso chakudya chambiri. La Tab S10 Ultra ndi 11,200mAh, kuposa kawiri la foni wamba la 5,000. Pawabanki yanu ya 10,000 siidzaza. Katchaja ka foni kakang'ono kaja kadzatenga usiku wonse, pamene malaiti abwera maola atatu okha. Ya Samsung imalandira mpaka mawati 45, koma tchaja yake mumagula padera. Amene muli ndi sola, onani ngati ili ndi potulutsa mphamvu yokwanira. Ndipo chonde, tchaja zotchipa zosadziwika kochokera ndi zimene zimatibweretsera ntchito yambiri.

WOULUTSA: Talandira uthenga kuchokera kwa mayi wina ku Katete. Akuti, mwana wawo ali Giredi 3, ndipo akufuna kumugulira tabuleti yabwino kwambiri kuti aziphunzirirapo. Muwauza chiyani?

AMISIRI: Mayi athu a ku Katete, sungani ndalama zanu. Chimene chimaphunzitsa mwana ndi zimene zili m'kati. Kuno kwathu kunabwera ZEduPad ya iSchool, katabuleti ka mainchesi 7 kokhala ndi maphunziro a pulayimale m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zathu. Ku Malawi, bungwe la onebillion linayesa mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe kuphunzitsa ana masamu m'Chichewa pa timatabuleti ting'onoting'ono. Palibe mwa zimenezi chimene chinafuna OLED kapena M4. Mugulireni yapakati, muiveke chikwama cha labala chochindikala, ndalama yotsalayo ipite ku mabuku.

WOULUTSA: Tatchula madola apa ndi apo. Tiuzeni mtengo wonse, tiumve m'makwacha.

AMISIRI: Pamene inkatuluka ku America, iPad Pro ya mainchesi 11 inayambira pa madola 999, ya 13 pa 1,299. Cholembera chake, Apple Pencil Pro, ndi 129, kiyibodi ya yaikuluyo ndi 349. Zonse pamodzi madola 1,777. Samsung amaika cholembera m'bokosi momwemo, ndipo imeneyo ndi mfundo yowakomera. Tikawerengera dola imodzi pa K26, monga zinalili mkati mwa 2024, tabuleti yokha ya mainchesi 13 ikupitirira K33,000, ndipo ndi zida zake ikufika cha m'ma K46,000, tisanaikepo msonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa. Chaka chomwecho bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Werengani nokha: matumba opitirira 100 pa tabuleti yokha, pafupifupi 140 ndi zida zake.

WOULUTSA: Mayo ine! Ndiye ambiri adzathamangira yogwiritsidwapo kale.

AMISIRI: Ndipo si kulakwa, bola adziwe poyang'ana. Choyamba, mwini wake atulutse akaunti yake inu mukuona, ya iCloud ngati ndi iPad, ya Google ndi ya Samsung ngati ndi Galaxy. Kenako aifufute yonse, muiyambitse limodzi mpaka itseguke. Akanena kuti “pasiwedi ndikutumizirani madzulo,” bwezani ndalama m'thumba. iPad yokhomedwa ndi akaunti ya munthu wina ife sitingaitsegule, ndipo mwina ndi yobedwa. Funsani lisiti.

Mukatero igonekeni patebulo losalala, galasi pansi, mudinikize makona ake mmodzimmodzi. Ikamagwedera, yapindika. Yang'anani m'mbali ngati galasi layamba kunyamuka, chimenecho ndi chizindikiro cha batire lofufuma. Tsegulani chithunzi choyera mbee, kenako chotuwa, muyang'ane mizere, madontho kapena zithunzithunzi zotsalira. Lowetsani tchaja, mugwedeze waya pang'ono, muone ngati ikudukiza. Pa iPad Pro ya 2024 mukhoza kulowa mu Settings, pa Battery, n'kuona thanzi la batire ndi kuchuluka kwa maulendo amene latchajidwa. Pomwepo palinso poletsa kuti lisamadzaze kupitirira 80 peresenti, zimene zimathandiza amene amaisiya pa tchaja tsiku lonse.

WOULUTSA: Bambo, nthawi yatithera. 



WOULUTSA: Mafunso amene sitinawayankhe lero tidzayamba nawo sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)